Kachubu Kolowa Mumtima: Kamayeza Chiyani, Ndipo Kathandiza Ndani?

Namwino akakumangani lamba pamkono, n'kupopa, n'kukuuzani kuti BP yakwera, kunyumba mumakanena kuti akupezani ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Mawuwa tidawazolowera ndipo sindikufuna kuwalanda pakamwa pa munthu, koma pali chimene amabisa. Lamba uja sayeza liwiro la magazi, sayezanso kuchuluka kwa magazi amene mtima ukutulutsa. Amayeza mphamvu imene magazi akukankhira makoma a mtsempha, ija amisiri a mipopi amati pulesha. Amene adathirirapo dimba ndi paipi akudziwa kusiyana kwake. Ukatsekako kukamwa kwa paipi ndi chala, madzi amatuluka mwaukali n'kukagwa patali, koma ndowa siidzadza msanga. Pulesha yakwera, madzi achepa.

Thupi nalo limatseka paipi ndi chala. Mtima ukafooka, timitsempha tating'ono timadzifinya kuti pulesha isagwe, moti munthu angathe kukhala ndi BP yooneka bwino pamene impso ndi matumbo ake zikulandira magazi osakwana. Nthawi zina zimatembenuka. Majeremusi akalowerera m'magazi, pa matenda amene madokotala amati sepsis, mitsempha imalekerera, pulesha n'kugwa, chonsecho mtima ukupopa malita ambiri kuposa masiku onse.

Tsono taganizani odwala atatu agona m'chipinda cha odwala mwakayakaya, onse BP yatsika mofanana. Woyamba wataya magazi kapena madzi, akufunika diripi. Wachiwiri mitsempha yake yalekerera, akufunika mankhwala oimanga. Wachitatu mtima wake watopa, magazi adzadzana kumbuyo kwake, ndipo mukangomuwonjezera diripi madziwo akathera m'mapapo, munthu n'kumira ali pabedi. Lamba wa pamkono sangawasiyanitse anthu atatuwa. Kufuna kuwasiyanitsa n'kumene kudachititsa madokotala kulowetsa timachubu m'mitsempha, mpaka mumtima mwenimwenimo.

Timachubu timeneti, timene kuchipatala amatitchula kuti catheter, tilipo ta mitundu itatu ikuluikulu, ndipo iwiri yoyambayo nkhani yake si yaitali. Chichewa chili ndi liwu limodzi lokha, mtsempha, pa njira ziwiri zosiyana: yochoka kumtima ndi yobwerera kumtima. Kachubu koyamba ndi kakafupi, kamalowa mumtsempha wochoka kumtima, kawirikawiri pamkono pamene timavala wotchi. Kamaonetsa BP pa kugunda kulikonse kwa mtima, ndipo namwino amatha kutengerapo magazi okayeza popanda kubaya wodwala kakhumi pa tsiku. Kachiwiri kamalowa mumtsempha waukulu wobwerera kumtima, pakhosi, pansi pa fupa lopingasa la paphewa, kapena m'mphechepeche, ndipo nsonga yake imakaima pakhomo la mtima. Kamayeza pulesha ya magazi obwerera, koma ntchito yake yaikulu masiku ano ndi kudutsitsa mankhwala aukali amene angawotche timitsempha ta padzanja. Kachitatu ndiye mwini nkhani. Kamadutsa mumtima n'kukatulukira mumtsempha wopita kumapapo, ndipo dziko lonse limakadziwa ndi maina a anthu awiri, Swan-Ganz.

Woyamba kuyeza pulesha ya magazi sadali dokotala, adali m'busa wa mpingo wa ku Teddington, pafupi ndi London, dzina lake Stephen Hales. Adamanga hatchi yaikazi, n'kulumikiza chubu chachitali chagalasi kumtsempha wake, ndipo magazi adakwera pafupifupi mamita awiri ndi theka, akumakwera ndi kutsika pa kugunda kulikonse. Zimenezi adazisindikiza mu 1733. Mu 1861 akatswiri awiri a ku France, Chauveau ndi Marey, adalowetsa machubu mumtima wa hatchi n'kujambula pulesha ya m'zipinda zake. Pa munthu ankaopa kuyerekeza. Ambiri ankakhulupirira kuti chinthu chikangokhudza mkati mwa mtima, mtimawo uima.

Amene adaswa mantha amenewa ndi dokotala wazaka 25, Werner Forssmann, pachipatala chaching'ono cha ku Eberswalde, kumpoto chakum'mawa kwa Berlin, mu 1929. Abwana ake adamukaniza. Iye adanyengerera namwino wosunga zida za opareshoni, Gerda Ditzen, yemwe adavomera pokhapokha ayesere pa iyeyo. Forssmann adamugoneka patebulo, n'kumumanga manja ndi miyendo ngati akufunadi kumuchita, kenaka adadzibaya yekha mankhwala ochititsa dzanzi pachigongono, n'kulowetsa mumtsempha wake kachubu kamene ankagwiritsa ntchito m'njira ya mkodzo. Atamumasula namwino uja adapita naye kuchipinda cha X-ray, adakankhanso kachubuko mpaka masentimita pafupifupi 65, ndipo chithunzi chidaonetsa nsonga ili m'chipinda chakumanja cha mtima. Mtimawo sudaime. Chidaima ndi ntchito yake: pachipatala chachikulu cha Charité, katswiri wa maopareshoni Ferdinand Sauerbruch adamuchotsa, akuona zimene adachitazo ngati masewera oonetsa anthu. Forssmann adasiya za mtima n'kukhala dokotala wa matenda a chikhodzodzo ndi impso. Ambiri pofotokoza nkhaniyi amalumpha kuti mu 1932 adalowa chipani cha Nazi. Kulimba mtima kwa tsiku limodzi sikuyeretsa mbiri yonse ya munthu.

Amene adasandutsa chibwana chija kukhala sayansi ndi André Cournand ndi Dickinson Richards, pachipatala cha Bellevue ku New York, kuyambira cha mu 1941. Adasonyeza kuti kachubu kangakhale mumtima wa munthu maola ambiri osamupha, ndipo adayeza malita amene mtima ukupopa pogwiritsa ntchito lamulo limene Adolf Fick adalemba ku Würzburg mu 1870, lowerengera kuchokera pa okosijeni amene thupi likutenga. Mu 1956 atatuwa, pamodzi ndi Forssmann, adagawana mphoto ya Nobel. Zaka zitatu m'mbuyo mwake, mu 1953, Sven-Ivar Seldinger wa ku Sweden adali atapeza njira yolowetsera kachubu popanda kung'amba khungu: baya singano, lowetsa kawaya kofewa, chotsa singano, tsetsereza kachubu pakawayapo, chotsa kawaya. Mpaka lero timachubu tambiri totere timalowa motero.

Komabe timachubu ta nthawi imeneyo tidali touma, tofuna makina a X-ray ndi dzanja la katswiri kuti tikhote m'makona a mtima. Wodwala kwambiri, amene ankafunikiradi kuyezedwa, ndi amene sakadatha kunyamulidwa kupita kuchipinda choyezera. Jeremy Swan, wobadwira ku Sligo m'dziko la Ireland, ankagwira ntchito pachipatala cha Cedars-Sinai ku Los Angeles. Mwini wake ankasimba kuti mu 1967, ali pagombe la Santa Monica ndi ana ake, adaona bwato la tanga likuyenda ndi kamphepo kochepa, ndipo adaganiza zoti kachubu kofewa kokhala ndi katanga kumapeto kangatengedwe ndi magazi okha. Katanga kadasanduka kabaluni, kampani ya Edwards Laboratories idakapanga, ndipo mnzake William Ganz, wobadwira ku Košice, amene adathawa ku Czechoslovakia mu 1966, adawonjezera njira yoyezera malita a magazi. Lipoti lawo lidatuluka mu 1970 m'magazini ya New England Journal of Medicine.

Ulendo wa kachubuka ndi woyenera kuutsatira pang'onopang'ono, chifukwa ukatswiri wake wagona pomwepo. Mtima ndi mapampu awiri omatana. Pampu yakumanja imalandira magazi obwerera kuchokera m'thupi n'kuwakankhira m'mapapo, ndipo imagwira ntchito ndi pulesha yochepa, cha m'ma 25 pamwamba ndi 10 pansi. Yakumanzere imalandira magazi ochokera m'mapapo n'kuwaponyera m'thupi lonse, pa 120 ndi 80 tidazolowera kumva uja. Pampu iliyonse ili ndi chipinda cholandirira ndi chipinda chopopera. Munthu wamkulu akamapuma, mtima wake umatulutsa malita pafupifupi 5 pa mphindi. Chigubu cha malita 20 chingadzadze m'mphindi zinayi.

Kachubu ka Swan-Ganz ndi kotalika masentimita 110, kokhala ndi mizere pa masentimita 10 alionse, ndipo mkati mwake muli tinjira tingapo. Dokotala amakalowetsa pakhosi, n'kukankha pang'ono, kenaka n'kupopa kabaluni ndi mpweya wa mamililita 1.5. Kuyambira pamenepo maso ake sakhala pa wodwala koma pa sikirini. M'chipinda cholandirira chakumanja mzere wa pulesha ndi timafunde tating'ono, tosapitirira 8. Kabaluni kakadutsa valavu n'kugwera m'chipinda chopopera, mzere umalumpha mwadzidzidzi kufika cha m'ma 25 n'kugweranso pafupi ndi 0, ndipo apa mtima umakonda kudumphadumpha chifukwa chokandidwa, choncho sachedwapo. Kakalowa mumtsempha wopita kumapapo, nsonga za pamwamba zimakhala zomwezo koma pansi pamakwera kufika cha m'ma 10. Akakankhanso pang'ono, kabaluni kamakakamira m'nthambi yopapatiza ngati chitsekerero m'botolo, ndipo mzere umafatsa. Nambala ya pamenepo amaitcha wedge. Dokotala wafika popanda X-ray, wayenda pomvera mafunde okha.

Wedge ndiye nzeru yeniyeni ya chipangizochi. Amisiri omanga nyumba ali ndi chubu choonekera mkati chodzadza madzi chimene amalinganizira levulo: madzi akadekha, mbali imene uli nayo imakuuza za mbali imene ili kuseri kwa khoma. Kabaluni kakatseka nthambi ija, magazi a kutsogolo kwake amaima, kuchokera pansonga ya kachubu, kudutsa m'timitsempha ta m'mapapo, mpaka kukafika kuchipinda cholandirira chakumanzere. Motero kachubu kali kumanja koma kakumva za kumanzere, kumene sikadafike. Kwa munthu wabwinobwino wedge imakhala pakati pa 6 ndi 12. Ikapitirira 18, magazi adzadzana kumbuyo kwa pampu yakumanzere ndipo madzi ayamba kuchucha kulowa m'mapapo. Mu 1976 James Forrester ndi anzake a ku Cedars-Sinai komweko adagawa odwala mtima m'magulu anayi potengera nambala imeneyi ndi malita amene mtima ukupopa, ndipo mpaka lero madokotala amafunsabe mafunso awiri aja: wodwalayu ndi wonyowa kapena wouma, wofunda kapena wozizira?

Malita amayezedwa ndi madzi ozizira. Namwino amabaya mamililita 10 pakabowo kamene kali masentimita 30 kumbuyo kwa nsonga, ndipo kachipangizo komva kutentha, pafupi ndi nsonga, kamalemba mmene magazi azizirira. Mukathira kapu ya madzi ozizira m'ngalande ya madzi ofunda oyenda ambiri, kuzizirako kumachepa ndipo kumadutsa msanga. Mukathira m'kamfuleni kongodontha, kumakhalitsa. Kompyuta imawerengera malita kuchokera pamenepo, ndipo amabwereza katatu n'kutenga nambala yapakati. Timachubu ta masiku ano tili ndi kawaya kotenthetsa magazi pang'onopang'ono, kotero timayeza tokha osafuna jekeseni.

Pali nambala ina imene ine ndimaiona kuti imanena zoona kuposa zinzake. Magazi amachoka m'mapapo atadzadza okosijeni pafupifupi 100 peresenti, ndipo akazungulira thupi amabwerera ali ndi 70 kapena 75. Kachubu kamatha kutapa magazi obwererawo pamalo pamene onse asakanikirana. Mukapeza 50, dziwani kuti ziwalo zikukokota mphika: zimene mtima ukutumiza sizikukwana.

Zonsezi zidali zokoma kwambiri moti palibe adaima kufunsa ngati odwala akuchira. M'zaka za m'ma 1980 kachubu kaja kadasanduka chizindikiro cha chipatala chamakono, ndipo pofika m'ma 1990 ku United States kokha ankaika timachubu toposa 1 miliyoni pachaka. Panthawi imene kankatuluka, lamulo la dzikolo silinkakakamiza opanga zipangizo zachipatala kusonyeza kaye kuti n'zothandiza. Lamulo lotero lidabwera mu 1976. Wotsina khutu adalipo. Eugene Robin wa ku Stanford adalemba mu 1985 kuti madokotala akukapembedza kachubuka ngati chipembedzo, ndipo patapita zaka ziwiri adapempha kuti kaimitsidwe mpaka kayesedwe. Ambiri adamuona ngati nkhalamba yongodandaula. Gulu lina ku Ontario lidayesa kuchita kafukufuku woyenera, koma adalephereka chifukwa madokotala ankakana kulola odwala awo kukhala m'gulu losaikidwa kachubu, poti kuwamana kukadakhala nkhanza.

Bomba lidaphulika mu 1996. Alfred Connors ndi anzake adaunika odwala mwakayakaya 5,735 m'zipatala zisanu za ku America, n'kuyerekeza odwala ofanana kukula kwa matenda, ndipo adapeza kuti amene adaikidwa kachubu ankamwalira ochulukirapo m'masiku 30, ankakhalitsa m'chipatala, ndipo ndalama zinkapita zambiri. Kafukufuku wotere ali ndi chilema chodziwika: dokotala amaika kachubu pa wodwala amene akumudetsa nkhawa, ndipo nkhawa ya dokotala siilembedwa yonse m'faelo. Koma mantha aja adatembenuka. Tsopano nkhanza idali kupitiriza osayesa.

Adayesa, pogawa odwala mwamaere, ndipo mvula ikakuona litsiro siikata. Ku Canada mu 2003, pa okalamba 1,994 opita ku maopareshoni oopsa, omwalira adali pafupifupi 8 mwa 100 alionse mbali zonse ziwiri, koma asanu ndi atatu a m'gulu la kachubu adatsekeka mtsempha wa m'mapapo ndi magazi oundana, pamene m'gulu linalo munalibe ndi mmodzi yemwe. Ku Britain mu 2005, kafukufuku wa PAC-Man pa odwala oposa 1,000 adapeza 68 mwa 100 akumwalira ndi kachubu, 66 popanda. Chaka chomwecho kafukufuku wa ESCAPE, pa anthu 433 a mtima wofooka kwambiri, sadapeze phindu. Mu 2006 kafukufuku wa FACTT, pa odwala 1,000 a mapapo ovulala, adapezanso chimodzimodzi. Kachubu sikankapha monga Connors adaopera, koma sikankapulumutsanso. Pakati pa 1993 ndi 2004 kugwiritsa ntchito kwake ku America kudatsika ndi 65 peresenti.

Nanga chipangizo chouza dokotala zinthu zoona chingalephere bwanji kuthandiza?

Choyamba, zoonazo zinkawerengedwa molakwika. Mu 1990 Thomas Iberti adapatsa mayeso madokotala 496 a ku America ndi ku Canada, ndipo pafupifupi theka adalephera kuwerenga wedge pachithunzi chooneka bwinobwino. Misampha yake ndi yambiri. Kachipangizo kosandutsa pulesha kukhala nambala kayenera kukhala pa levulo imodzi ndi mtima. Bedi likakwezedwa masentimita 10 koma iko osasunthidwa, nambala imasokonekera ndi 7 kapena kuposerapo, ndipo pa wedge ya 12 kusiyana kotero kungachititse dokotala kupereka mankhwala okodzetsa kwa munthu wofunika diripi. Nambala iyenera kuwerengedwa pamene wodwala wamaliza kutulutsa mpweya. Makina opumira amakankha chifuwa n'kukweza manambala onse. Kathovu kamodzi ka mpweya m'chubu kamafooketsa mafunde. Valavu yakumanja ikamadontha, madzi ozizira aja amapita chitsogolo ndi chambuyo, malita n'kunama.

Chachiwiri n'chozama. Ngakhale nambala itawerengedwa bwino, pulesha si kuchuluka. Mtima wouma makoma umaonetsa pulesha yokwera uli ndi magazi ochepa, wofewa umalandira ambiri pulesha osasuntha. Kwa zaka makumi angapo madokotala ankathira diripi mpaka pulesha ya magazi obwerera ifike pa nambala yakutiyakuti. Mu 2008 Paul Marik adasonkhanitsa kafukufuku yense amene adalipo n'kupeza kuti nambala imeneyo imalosera ngati wodwala athandizidwe ndi madzi mofanana ndi kuponya ndalama m'mwamba.

Chachitatu ndi chimene chimandikhudza kwambiri. Kachubu sikachiritsa. Kamangouza dokotala zinthu, ndipo phindu kapena tsoka limachokera pa zimene dokotalayo achite. Mu 1988 William Shoemaker adalemba kuti odwala amene ankapulumuka pambuyo pa opareshoni yaikulu adali ndi mtima wopopa kuposa muyezo wamasiku onse, ndipo adaganiza kuti aliyense akwapulidwe ndi madzi ndi mankhwala mpaka afike pamenepo. Ku London mu 1994 Michelle Hayes ndi anzake adayesa zimenezi ndi mankhwala a dobutamine, ndipo omwalira adali 54 mwa 100 m'gulu lokwapulidwalo, 34 m'gulu linalo. Bulu wotopa sachira ndi chikwapu. Kafukufuku wa FACTT uja adaonetsa mbali ina ya mfundo yomweyi, chifukwa adafunsa mafunso awiri nthawi imodzi. Mtundu wa kachubu sudasinthe kanthu, koma odwala amene adapatsidwa madzi mosamala adachoka pa makina opumira masiku awiri ndi theka msanga kuposa amene adapatsidwa ambiri.

Tisaiwale kuti kachubu kali ndi mano ake. Singano ya pakhosi ingaboole mtsempha wolakwika kapena nsonga ya phapo. Kachubu kangasokoneze kagundidwe ka mtima, kangadzimange mfundo mkati, ndipo kabaluni kakapopedwa m'nthambi yaing'ono kangang'ambe mtsempha, ngozi yosowa koma yopha pafupifupi theka la oigwera. Mdani wa tsiku ndi tsiku ndi majeremusi, chifukwa kachubu kalikonse ndi khomo lotsegula kuchokera pakhungu kupita m'magazi. Pankhani iyi chidapulumutsa anthu ambiri si chipangizo chatsopano. Peter Pronovost adapereka kwa zipinda 103 za odwala mwakayakaya ku Michigan mndandanda wa zinthu zisanu: samba m'manja, funda wodwala ndi iwe mwini mokwanira, tsuka khungu ndi chlorhexidine, pewa mphechepeche, chotsa kachubu kakatha ntchito. Adapatsanso anamwino mphamvu yoimitsa dokotala wolumpha chimodzi. Lipoti la mu 2006 lidasonyeza matenda a m'magazi atatsika ndi magawo awiri mwa atatu.

Malo amene Swan-Ganz idasiya adatengedwa ndi zipangizo zosalowa kwambiri m'thupi. Chachikulu ndi sikani ya mtima, imene amati echo, yoonetsa zipinda ndi mavalavu zikugwira ntchito, ndipo ina ndi yaing'ono yolumikiza kufoni. Pali makina owerengera malita kuchokera pa mafunde a kachubu ka pamkono, ndi ena otsikira kummero. Pali njira yosafuna kugula chilichonse: kukweza miyendo ya wodwala kuti magazi ake omwe atsikire kumtima, n'kuona ngati mtima wapopa ochulukirapo, ngati sunatero, diripi siimuthandiza. Chodabwitsa n'chakuti makina atsopanowa amayesedwa kulondola kwake poyerekeza ndi Swan-Ganz yomweyo, ndipo ambiri sadadutse m'mayeso okhwima ngati amene iyo idadutsamo. Palinso kachipangizo kochepa ngati kawaya kopanira mapepala, CardioMEMS, kamene amakasiya mumtsempha wa kumapapo moyo wonse kuti wodwala azitumiza manambala ali kunyumba. Pa odwala 550, lipoti la mu 2011 lidaonetsa kuti kadachepetsa kugonekedwa m'chipatala, chifukwa kumeneko nambala idali ndi yankho lodziwika: pulesha ikakwera, wonjezera mankhwala okodzetsa madzi asanafike m'mapapo.

Kachubu kakale kaja sikadafe. Kadabwerera kumafunso amene iko kokha kangayankhe. Munthu akamakayikiridwa kuti ali ndi pulesha yokwera m'mitsempha ya m'mapapo, echo imangolozera, wotsimikiza ndi kachubu, ndipo kuyambira mu 2022 malangizo a ku Ulaya amaika malire a pulesha yapakati, osati ya pamwamba ija, pa 20 m'malo mwa 25 wakale. Wedge ndiyo imanena ngati vuto lili m'mitsempha ya m'mapapo kapena kumanzere kwa mtima, ndipo mankhwala othandiza woyamba angavulaze wachiwiri. Funso limeneli si la azungu okha. Likodzo la m'matumbo, HIV, matenda a sickle cell ndi mavalavu oonongeka ndi zilonda za pakhosi za paubwana, zonsezi zimakweza pulesha ya m'mapapo, ndipo zonsezi tili nazo kwathu kuno. Kachubu kamafunikanso asanamuike munthu mtima wina, chifukwa mtima watsopano sungathe kukankha magazi m'mapapo ouma mitsempha. Kamafunikanso pa maopareshoni ena a mtima. Komanso pamene mtima wafookeratu mpaka kufuna pampu yothandizira.

Wina anganene kuti mkangano wonsewu ndi wa mayiko olemera, poti zipatala zathu zambiri ngakhale bedi la odwala mwakayakaya n'losowa. Koma funso limene kachubu kadapangidwira, loti munthuyu apatsidwe madzi ochuluka bwanji, limafunsidwa m'wodi iliyonse usiku uliwonse, ndipo mayankho ena owawa kwambiri adachokera ku Africa. Mu 2011 kafukufuku wa FEAST, pa ana 3,141 otentha thupi kwambiri ku Kenya, Uganda ndi Tanzania, adapeza kuti ana othiridwa madzi ambiri mofulumira ankamwalira ochuluka, oposa 10 mwa 100 m'maola 48, poyerekeza ndi 7 mwa osathiridwa motero. Pachipatala cha University Teaching Hospital ku Lusaka, Ben Andrews ndi anzake adayesa ndondomeko yothira madzi msanga pa akuluakulu 209 a sepsis, ambiri a iwo ali ndi HIV. Lipoti la mu 2017 lidati omwalira adali 48 mwa 100 m'gulu la ndondomekoyo, 33 m'gulu la chisamaliro chamasiku onse. Madzi akasefukira m'mapapo kumene kulibe makina opumira okwanira, palibe pothawira. Sindikunena kuti Swan-Ganz ikadawapulumutsa. Umboni wa ku Canada ndi ku Britain sutilola kutero. Ndikunena kuti ndondomeko yokopera kwina, yothamangitsa nambala, ingaphe ndi kachubu kapena popanda.

N'zochititsa chidwi kuti dziko lolemera likubwerera ku zala ndi maso. Ku South America, kafukufuku wa ANDROMEDA-SHOCK wa mu 2019, pa odwala 424, adayerekeza kutsogoleredwa ndi kuyeza magazi mu labu ndi kutsogoleredwa ndi kudina nsonga ya chala n'kuwerenga masekondi amene magazi atenge kuti abwerere. Chala sichidagonje. Mitsempha ya pakhosi yotupa, mawondo ozizira, mkodzo wochepa m'thumba, wodwala amene wayamba kubwebweta, zonsezi zimanena za pulesha ndi malita kwa amene adaphunzira kuziwerenga, ndipo amene adaphunzitsa madokotala tanthauzo lake lenileni ndi kachubu komweka, pa zaka 50 zoyerekeza zooneka kunja ndi zoyezedwa mkati. Chigamulo changa n'chakuti Swan-Ganz idaphunzitsa bwino kuposa mmene idachiritsira, ndipo iyenera kukhala m'manja mwa anthu ochepa oigwira kawirikawiri, pa odwala ochepa amene funso lawo likudziwika kachubu kasanalowe.

Tsiku lina mungadzakhale gadiyani, ku Blantyre, ku Lusaka, ku Johannesburg kapena ku Leeds, adokotala n'kukupatsani pepala loti musaine kuti m'bale wanu aikidwe kachubu pakhosi. Musachite manyazi kufunsa kuti, “Adokotala, kachubuka katiuza chiyani chimene panopa simukuchidziwa, ndipo mukachidziwa musintha chiyani?” Kakalowa musakagwire, ndipo mukaona bandeji yanyowa, pakhungu pafiira kapena wodwala wayamba kunjenjemera, itanani anamwino nthawi yomweyo. M'mawa uliwonse muziwafunsa ngati kakufunikabe, ndi tsiku limene akuganiza kukachotsa.